Kudikira Chizimalupsa

Anatilemba mu Ogasiti, anthu khumi ndi awiri,
pakhonde la ofesi ku Furankungo.
Shefi anaitana mayina, tinadinda chala,
aliyense n'kulandira jombo, chikwanje ndi chigubu.
Jombo zanga zinali za munthu wina
amene anazimitsa moto chaka chatha
n'kupita kumigodi ya ku Moatize osabweranso.
Ndinatsendera nsanza kuzala kuti zindikwane.

Masabata oyamba ndi a khasu:
kulambula msewu pakati pa tsekera,
msewu wopanda woyendamo,
wautali mpaka pomwe msana wakanira,
kuti moto ukafika upeze tadya kale.

Kenako mphepo imatembenuka.
Masamba a mombo amafiira ngati nyama yongosendedwa kumene,
udzu umathetheka pansi pa phazi,
ndipo Dziwani, wamng'ono mwa tonse,
amaswera pathanthwe ndi foni yosweka galasi
maso ali kumapiri.
Utsi woyera ndi udzu, amatero.
Ukada, walowa m'mitengo.

Moto sumveka mmene mumaganizira.
Uli kutali umanong'ona ngati mvula pamalata.
Ukayandikira, nsungwi zimaphulika,
ndipo a Felisiyano, amene anaona nkhondo ali mnyamata,
amadzigwetsa chafufumimba
asanakumbuke kuti ndi nsungwi chabe.
Sitiwaseka.

Timaumenya ndi nthambi zaziwisi za msuku,
cham'mbali, osati kumaso;
nkhunzi yolusa suiimira kutsogolo.
Amnthengu amavina pamwamba pa malawi
kuwakha ziwala zothawa, kwa iwo ndi ukwati.
Nsidze zanga zinapita mu Seputembala.
Malovu ndimalavula akuda.
Mariyeta akuti ndikagona
chipinda chimanunkha uvuni wa makala.

Lachinayi lija tinauthamangitsa usiku wonse.
Kutacha tinatsata phulusa chobwerera m'mbuyo
mpaka pomwe unabadwira:
una wokumbidwa, timitengo ta machesi titatu,
ndi mapazi a mwana,
lakumanzere lopindikira mkati.
Ndinalidziwa.
Phazi limenelo ndinapita nalo kuchipatala ku Tete
mwini wake ali kumsana kwa mlongo wanga.

Mbewa zisanu, mwina zisanu ndi imodzi,
ndiwo za tsiku limodzi m'nyumba yopanda bambo.
Kumbuyo kwanga phiri lonse lili bii,
zitsa zikufuka ngati ndudu zotayidwa.

Shefi anafuula, "Mwapezako chiyani uko?"
Ndinaponda paphazipo ndi jombo ya munthu wina ija.
"Mphepo yafufuta," ndinatero.

Madzulo ndinapita kwa mlongo wanga
ndi kapenta wokulunga m'pepala.
Mnyamatayo sanandiyang'ane.
Nanenso sindinayankhule,
ndinangotambasula zikhatho pafupi ndi koloboyi
kuti awerenge yekha matuza.

Tsopano ndi Novembala.
Mitambo ikuunjikana cha ku Angoniya,
nyenje zikuboola makutu masana onse,
pansi pa phulusa msipu wayamba kale kusuzumira
ngati sunamve kalikonse.
Aliyense akupempha mvula:
amayi pachitsime chouma, mbuzi, mitengo, ine ndemwe.
Koma dontho loyamba likangogwa
n'kudzutsa fungo lija la dothi lonyowa,
shefi atseka buku.
Chizimalupsa chimazimitsa moto,
chimazimitsanso dzina langa pamndandanda wa malipiro.

Ndidzabweza jombo, nsanza zanga zili momwemo,
kuti wa chaka chamawa adziwe kuti munali munthu.
Mametikali otsiriza adzagula theka la thumba la feteleza,
otsala a Mariyeta a sopo ndi mchere.
Kukadzaumanso pakatha masiku awiri
ndidzaima m'munda mwanga, wolima ngati wina aliyense,
patsogolo pa mulu wa mapesi,
machesi ali m'thumba la malaya.
Ndidzanyambita chala, n'kuchikweza m'mwamba,
n'kuimabe choncho nthawi yaitali
kumvetsera komwe mphepo ikuchokera.